Thyme wanga anauma mvula ili mkati: kodi angachite bwino ku Kasungu, nanga angandiphimbire pabwalo?

Funso

Ndimakhala ku Kasungu, kufupi ndi boma. Mu Disembala ndinagula mbande zisanu za thyme ku Lilongwe n'kuzibzala m'mbali mwa nyumba, pamalo amene ndinathirapo manyowa a nkhuku. Zinayamba bwino, koma pofika Febuluwale zinayamba kuda kuchokera kunsi mpaka zonse zinauma, chonsecho mvula inkagwa pafupifupi tsiku lililonse. Ndimafuna thyme wophikira, komanso ndinaona pa Facebook zithunzi za thyme atayala pansi ponse, maluwa ali psuu. Pabwalo panga m'chilimwe pamakhala fumbi, m'dzinja matope. Kodi zimenezi zingatheke kuno?

Yankho

Zikomo amayi chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa: mbande zija sizinali zoipa, ndipo musaganize kuti dzanja lanu silikwatana ndi mbewu. Thyme wanu anafa ndi madzi. Kuda kuyambira kunsi, masamba kuyoyoka, kenako chitsamba chonse kuuma mvula ikugwa, zonsezi zimasonyeza kuti mizu inaola. Mukanazula chimodzi mukanapeza mizu yoderako, yofewa, yosupuka mukaikoka ndi zala, m'malo mwa mizu yoyera yolimba. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mbewu yoola mizu imafota ngati yamva ludzu, poti mizu yakufa siikokanso madzi. Ndiye munthu amathamangira kheni, n'kumalizitsa yekha mbewu imene amati aipulumutse.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tione kwawo kwa mbewuyi. Thyme wophikira, amene akatswiri a zomera amamutcha Thymus vulgaris, kwawo ndi kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, makamaka Spain, kummwera kwa France ndi Italy. Kumeneko amamera yekha m'mapiri amiyala, pa nthaka yosabereka yokhala ndi laimu wambiri, pamtetete pamene dzuwa limaomba tsiku lonse. Nyengo yawo ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu. Mvula yakumeneko imagwa nthawi yozizira, ndipo miyezi yotentha kumakhala kouma gwa. Kuno kutentha ndi mvula zimabwera pamodzi, ndipo nthaka yofunda yomwe yakhala yonyowa masiku ambiri motsatizana ndi imene tizilombo ta chuku toolesa mizu timaswana msanga. Mukayang'anitsitsa tsamba la thyme muona kuti ndi laling'ono, lolimba, lopindikira mkati m'mbali mwake. Zonsezo ndi njira zosungira madzi. Mbewuyi inakonzekera chilala, koma ilibe chodzitetezera nacho ku chinyezi chopitirira.

Ngakhale zili choncho, Kasungu ndi amodzi mwa malo abwinoko m'dziko muno kwa thyme. Dera lanu lili pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kotero usiku kumazizira. Nthaka yambiri ndi yamchengamchenga, yomweyo imene fodya ndi mtedza zimaikonda, ndipo madzi sachedwa kulowa pansi. Mvula ikaleka kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, mumakhala miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri kuli kouma. Akanafunsa munthu wa ku Nkhotakota m'mbali mwa nyanja kapena wa kutsinde kwa phiri la Mulanje, ndikanamuuza kuti asataye nthawi n'kubzala pansi, angodalira miphika. Inu mavuto anu enieni ndi a miyezi itatu kapena inayi basi, kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Pa mbande zanu zija panakumana zinthu zitatu. Choyamba ndi mwezi. Ife tinazolowera kuti mvula ikagwa ndiye nthawi yobzala chilichonse, koma thyme wowokeredwa mu Disembala amalowa m'mvula yamphamvu ya Januwale mizu yake isanakhazikike. Chachiwiri ndi manyowa a nkhuku. Ndi amphamvu kwambiri, amapangitsa mbewu kutulutsa msanga nthambi zofewa zothithikana, zimene zimasunga chinyezi pakati pake n'kuyamba kuola. Amachepetsanso fungo, chifukwa thyme wonenepa ndi chakudya chambiri sanunkhira ngati wokulira pa nthaka yosauka. Chachitatu, chimene ndikuchikayikira kwambiri, ndi denga. Mwati munabzala m'mbali mwa nyumba. Ngati denga lanu ndi lamalata lopanda magata, werengani motere: mbali imodzi ya denga yotalika mamita 10, m'lifupi mamita 4, mvula ya mamilimita 25 ikagwa imatsitsa madzi okwana malita 1,000. Ndi zidebe 50 za malita 20, zonse zikukhuthukira pa mzere umodzi wopapatiza m'mbali mwa khoma. Mvula yotere mu Januwale si yachilendo. Palibe thyme amene angapirire pamenepo. Malo amenewo asiyireni mint kapena lemon grass, zimene zimakonda chinyezi ndi manyowa omwe munathira kale aja.

Tsopano nkhani ya mitundu, chifukwa funso lanu lili ndi mbewu ziwiri zosiyana ngakhale zili ndi dzina limodzi. Thyme wophikira ndi kachitsamba koimirira, kotalika masentimita 15 mpaka 30, ndipo kakamakula tsinde lake limasanduka kamtengo kolimba. Sayala pansi. Mukamuponda amathyoka. Amene munamuona pazithunzi ndi thyme woyanga, kawirikawiri Thymus serpyllum kapena Thymus praecox, amene sapitirira masentimita 5 mpaka 10 ndipo nthambi zake zimamera mizu paliponse pamene zakhudza dothi. Amadyedwa ndithu, si wapoizoni, koma fungo lake ndi lochepa ndipo timasamba take n'tovuta kuthyola, timabweranso ndi mchenga. Palinso thyme wonunkhira mandimu, amene ndi wapakatikati: amatambalala pang'ono ndipo amakoma pa nsomba. Choncho musayembekezere kuti mbewu imodzi ikugwirireni ntchito zonse ziwiri. Pogula funsani, kapena muyang'ane dzina la sayansi pa pepala la mbewu.

Ndiyambe ndi wophikira, amene ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti achita bwino kwanu.

Banja limodzi limakwanira ndi zitsamba zitatu kapena zinayi, ndipo ine ndingakulangizeni kuti ziwiri mwa izo zikhale m'miphika. Mphika wadothi kapena mtsuko wakale umene unang'aluka ndi wabwino kuposa chidebe chapulasitiki, chifukwa dothi lowotcha limapuma, madzi otsala amatulukira m'mbali. Pulasitiki wakuda amatenthanso kwambiri mu Okutobala mpaka kupsereza mizu. Chilichonse chimene mwasankha, chikhale chakuya masentimita 20 kapena kuposerapo, chibooledwe kunsi mabowo angapo olowa chala, ndipo chikhale pa njerwa ziwiri kuti madzi azidontha momasuka. Musaike mbale kunsi kwake. Dothi lothiramo likhale magawo awiri a dothi lapamwamba la m'munda, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi kompositi wowolerana bwino wodzaza manja awiri okha. Mchenga wosalala kwambiri uja sathandiza, umangogwirana. Onjezani phulusa la nkhuni lodzaza dzanja limodzi n'kusakaniza bwino. Thyme amakonda nthaka yosawawasa kwambiri, ya pH (muyeso wa kuwawasa kwa nthaka) ya pakati pa 6 ndi 8, pamene minda yambiri imene yalandira feteleza zaka zambiri imakhala itayamba kuwawasa, ndipo phulusa limabweza pang'ono kuwawasako. Dzanja limodzi n'lokwanira pa chaka, musachite kukhuthulirapo phulusa lonse la m'khitchini.

Zobzala pansi zifunika bedi lokwera masentimita 20 mpaka 30, kutali ndi madzi a padenga. Kasungu si yense wamchenga. Kufupi ndi madambo kuli makande, ndipo malo ena kuli katondo wogwirana, ndiye yesani kaye malo anuwo. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzaze madzi, alowe, mudzazenso kachiwiri. Ngati patapita maola atatu kapena anayi madzi akadali chiimire, pamenepo pafunika mchenga ndi zidutswa za njerwa zambiri, apo ayi pasiyeni. Kudimba la m'dambo musamuyese n'komwe, ngakhale kuti ndi kumene kuli madzi apafupi. Mbande zitalikirane masentimita 30 kuti mphepo izidutsa pakati, ndipo powokera musakwirire tsinde kupitirira pamene dothi linalekezera m'chubu.

Pamwamba pa dothi yalani timiyala, kwale wamng'onomng'ono kapena njerwa zophwanya. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha uphungu wabwino umene anaumva pa mbewu zina. Kuphimbira ndi udzu kapena mapesi n'kothandiza pa tomato ndi chimanga, koma pa thyme kumasunga chinyezi pakhosi pa mbewu, pamene kuola kumayambira, komanso kumaitana chiswe. Chiswe chikamaliza mapesi chimalowa m'tsinde louma la thyme wachikulire. Miyala siidyedwa ndi chiswe, imauma msanga mvula ikaleka, ndipo imaletsa matope kuthovukira pamasamba.

Dzuwa likhale la maola osachepera 6 pa tsiku. Pansi pa mango kapena mthethe thyme amatalika monyozoloka n'kutaya fungo. Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa equator (mzere wapamapu wogawa dziko lapansi pakati), kutanthauza kuti kuyambira Malichi mpaka Okutobala dzuwa la masana limapendekera kumpoto. Choncho mbali yakumpoto kwa nyumba imalandira dzuwa lambiri nthawi yozizira, pamene yakummwera imakhala mumthunzi. Kwa miphika, malo amene ine ndimawakonda ndi kumphepete kwa khonde lakummawa: dzuwa lam'mawa limafika chaka chonse, ndipo mvula ikachuluka mumangokokera mphika mkati pang'ono.

Nthawi yabwino yobzala ndi Epulo kapena Meyi, mvula itangotha, nthaka ikadali ndi kafunde. Mbewu imakhala ndi miyezi yonse yozizira ndi yotentha yoti izike mizu, ndipo ikamafika Disembala imakhala yokhwima. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi sikumuopsa thyme, kwawo amapirira chisanu choposa chathu. Masabata awiri kapena atatu oyamba thirirani pakapita masiku awiri kapena atatu. Akagwira, chepetsani. Lamulo lake ndi chala: pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, ngati mukumva chinyezi musathirire. Nthawi yozizira wapansi angathe sabata yathunthu osathiriridwa, koma wa mumphika mu Okutobala angafune madzi pakapita masiku awiri. Thirirani m'mawa, pa dothi osati pamasamba, ndipo madzi ochapira okhala ndi sopo apite kwina.

Pa za kuchulukitsa, njira ya njere ilipo koma ndi yochedwa. Ubwino wake inu a ku Kasungu simungadabwe nayo, chifukwa imafanana ndi nazale ya fodya: njere zake ndi zazing'ono kwambiri moti sizikwiriridwa. Mumazisakaniza ndi mchenga wouma wosefa, n'kuwaza pamwamba pa dothi losalala, n'kutsindira pang'ono ndi chikhatho, chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Kuthirira kwake ndi kwa kheni ya mabowo ang'onoang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti feteleza wa kunazale ya fodya asafikeko. Zimamera pakati pa masabata awiri ndi anayi, mosalingana, ndipo zimatenga miyezi iwiri kapena kuposerapo kuti zifike powokera.

Njira imene ndimaikonda ndi ya nthambi. Dulani nsonga zathanzi zopanda maluwa, zotalika masentimita 7 mpaka 10, mupulule masamba a theka lakunsi, n'kuzizika mu mchenga wonyowa pang'ono pamthunzi wowala. Pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi zimakhala zitamera mizu. Muzike zambiri, chifukwa si zonse zimagwira. Ngakhale nthambi zaziwisi zogulitsidwa m'masitolo akuluakulu zimatha kumera ngati sizinakhalitse m'firiji. Yosavuta kuposa zonse ndi iyi: weramitsani nthambi yam'munsi ya chitsamba chimene muli nacho kale, muikwirire pakati ndi dothi pang'ono, mutsindire ndi mwala, nsonga ikhale panja. Ikamera mizu mumaidula kwa make n'kukaibzala payokha. Thyme wa mandimu uja muzimuchulukitsa ndi nthambi basi, chifukwa wochokera ku njere satengera kwenikweni fungo la kholo lake. Muzichita zimenezi chaka ndi chaka, poti chitsamba cha thyme chikakwanitsa zaka zitatu kapena zinayi chimakalamba, pakati pamatsala nkhuni zokhazokha, masamba n'kumangopezeka kunsonga.

Mvula isanayambe, mu Novembala, dulirani zitsamba zanu. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake, ndiponso patulirani nthambi zothithikana pakati kuti mphepo izilowa. Samalani chinthu chimodzi: musadule mpaka pa tsinde louma lopanda masamba, chifukwa thyme saphukira bwino pa mtengo wakale. Mvula ikayamba, kheni ipume. Mukaona nthambi yayamba kuda kapena kuchita chuku chotuwa, iduleni tsiku lomwelo n'kukaitaya kutali. Za tizilombo palibe zambiri zonena. Mu Sepitembala ndi Okutobala kangaude wofiira, yemwe uja amavuta pa tomato, amatha kufikanso apa, masamba n'kuchita timadontho totuwa. Kutsuka chitsamba ndi madzi amphamvu m'mawa masiku angapo kumathandiza. Mankhwala a tomato kapena a fodya musapopere pa masamba amene mukawaponya mumphika mawa.

Kukolola mungayambe chitsamba chikafika masentimita 15 ndipo chachita nthambi zambiri. Dulani nsonga ndi sizasi kapena mpeni wakuthwa, osakoka ndi manja, chifukwa mizu yake ndi yosazama. Fungo limachokera ku mafuta a m'masamba, makamaka otchedwa thymol, omwenso amaikidwa m'mankhwala ena otsukira m'kamwa. Mafutawa amachuluka maluwa atatsala pang'ono kutuluka, ndipo nthawi yabwino yodula ndi m'mawa mame atauma. Poumitsa musatsate njira ya mfutso. Osafutsa m'madzi otentha, osayanika padzuwa, chifukwa kutentha kumauluza mafuta aja n'kukusiyirani udzu wopanda fungo. Yalani nthambi pa lichero m'chipinda chopita mphepo, ndipo m'chilimwe sabata imodzi imakwana. Masamba akamathetheka mukawafikisa, apululeni n'kuwasunga m'botolo lagalasi lotseka bwino, pamalo amdima. Amasunga fungo miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka. Nzeru yake ndi kuumitsa zimene mwadulira mu Novembala zija, kuti m'dzinja musamasautse zitsamba.

Kukhitchini thyme ali ndi khalidwe limodzi lomusiyanitsa ndi masamba ena onunkhira: sataya fungo akawira nthawi yaitali. Ndiye chifukwa chake amagwirizana ndi ndiwo zathu zochedwa kupsa, monga nkhuku yachikuda, nyama ya mbuzi, ya ng'ombe ndi nyemba. Ponyani nthambi zathunthu pamene mukukazinga anyezi kapena pamene nyama yayamba kuwira, masamba amayoyokera okha mumsuzi, timitengo mumatiwuula pomaliza. Nkhuku imodzi, nthambi zinayi kapena zisanu zakwana. Wouma ndi wamphamvu pafupifupi katatu kuposa wamuwisi, kotero supuni yaing'ono imodzi ya wouma ikufanana ndi supuni yaikulu ya wamuwisi. Mukachulutsa amawawa. Amakomanso pa mbatatesi yokazinga, mu mpunga wothira tomato, ndi pa kanyenya mukamusakaniza ndi mchere, adyo ndi madzi a mandimu n'kupaka nyama isanapite pamoto. Pa nkhwani kapena bonongwe wotendera, kwa ine, alibe malo. Nsinjiro ili ndi kukoma kwake kofatsa ndipo thyme amangokukwirira. Ena amamwa masamba ake ngati tiyi akamva chifuwa, ndipo ku Ulaya chizolowezi chimenechi n'chakale, koma chifuwa chimene chatha masabata awiri n'chofunika kuchipatala osati kudimba.

Tsopano tibwere pabwalo panu, pamene yankho langa silikusangalatsani kwenikweni.

Zithunzi zimene munaona zambiri zimajambulidwa kumaiko amene miyezi yotentha sikugwa mvula yochuluka ngati yathu, pa sabata zochepa pamene maluwa ali pachimake, ndipo zina amachita kuwonjezera mtundu pa kompyuta kuti agulitse njere. Kuphimba bwalo lonse la ku Kasungu ndi thyme woyanga sindikukulimbikitsani, ndipo zifukwa zake ndi zowerengeka. Mbande zimabzalidwa motalikirana masentimita 25, kutanthauza mbande 16 pa malo a mita imodzi mbali zonse. Bwalo laling'ono la mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi likufuna mbande 320. Zimenezo kuti zikumane n'kutseka dothi pamafunika chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo nthawi yonseyo mipata ili poyera. Mvula yoyamba ikangogwa, chisoso, bonongwe, dawe ndi kapinga zimamera m'mipatamo n'kupitirira thyme m'masabata awiri. Khasu simungalowetsemo, ndiye kuti kupalira konse ndi kwa manja, mutagwada. Ndipo thyme akatseka n'kukhala chiyale chothithikana, m'Febuluwale chinyezi chimakhala pansi pake, zigamba zina n'kuola, bwalo n'kuoneka ngati mutu wa chipere.

Palinso moyo wa pabwalo lenilenilo. Thyme woyanga amapirira kupondedwa mwa apo ndi apo, osati njira ya tsiku ndi tsiku yopita kukhitchini, ana akusewera mpira, kapena mphasa yoyanikapo chimanga. Sasesedwa ndi tsache. Nkhuku zimakonda kusamba fumbi pa dothi louma lamchenga, lomwelo limene mwamukonzera thyme, ndipo tsiku limodzi zingafukule ntchito ya mwezi wathunthu. Anthu akakolola n'kutayirira mbuzi, musadalire kuti fungo lake liziingitsa. Akachita maluwa amaitana njuchi zambiri, zimene ndi zabwino kwa maungu ndi mitengo yanu yazipatso, koma muganizire ana oyenda opanda nsapato.

Pamene thyme woyanga amagwira ntchito bwino ndi pa malo ang'onoang'ono, pakati pa miyala. Tiyerekeze kanjira kochokera pageti kufika pakhomo. Mumakakweza pang'ono kuti pakati pakhale potumphuka, madzi azitsikira m'mbali. Mumayala miyala yafulati, masilabu kapena njerwa zootcha, n'kusiya mipata ya masentimita 5 mpaka 10, imene mumadzaza ndi dothi losakaniza ndi mchenga lija. M'mipatamo ndi mmene mumabzala. Phazi limaponda mwala, thyme amangokhudzidwa pang'ono n'kutulutsa fungo, miyala imauma msanga ndipo imatsekereza udzu mbali yaikulu. Amachitanso bwino kumphepete kwa bedi lokwera kumene nthambi zimalendewera, ndi pa chitunda chamiyala choyang'ana dzuwa. Musanabzale chilichonse, chotsani kapinga ndi dawe mpaka mizu. Dawe ali ndi timbatata pansi, ndipo kamodzi kokha kakatsala kamaphukira pakati pa thyme pamene simungathe kukazula osaononga. Ndi bwino kukonza malowo, kuthirira, kudikira masabata awiri kuti zotsala zimere, n'kuzulanso kachiwiri. Miyezi yoyamba tchingani ndi waya wa nkhuku kapena nthambi zaminga.

Nanga fumbi ndi matope a bwalo lonselo? Pamene anthu amayenda ndi kukhala, palibe choposa kapinga. Amapirira mapazi, m'chilimwe amauma n'kufiira koma mizu yake imagwira dothi, ndipo mvula ikagwa amadzukanso. Ingomuikirani malire a njerwa zozika pansi kuti asalowe kwa thyme. M'mbali mwa mpanda, mmene simupondedwa, mbatata imayanga msanga n'kutseka dothi m'mvula momwe, kholowa n'kukhala ndiwo. Pamene madzi amathamanga n'kukumba ngalande, mzere wa udzu wa vetiva wodutsa mopingasa umawachepetsa liwiro. Ndipo matope ambiri a pabwalo amachokera padenga lija, kotero magata ndi diramu, kapena ngalande yodzaza miyala pansi pa malata yolondolera madzi ku nthochi, zingachotse theka la vuto lanu musanabzale kanthu.

Ngati mukufuna chomera chimodzi chonunkhira chimene chingatambalale m'mbali mwa nyumba n'kulowanso mumphika, funafunani Plectranthus amboinicus, amene kumaiko a ku Caribbean amamutcha Spanish thyme. Si thyme weniweni, ngakhale ali m'banja limodzi la zomera ndi thyme, mint ndi mpungabwi wathu uja. Masamba ake ndi aakulu, onenepa, aubweya, ndipo fungo lake ndi lamphamvu moti tsamba limodzi kapena awiri odulidwa bwino akwanira mphika wa nyama. Ndi chomera cha kumalo otentha, chimapirira mvula yathu kuposa thyme bola madzi asaime, chimalola mthunzi pang'ono, ndipo kanthambi kothyoka mukangokazika kamagwira. Kuipa kwake n'kwakuti n'chofewa, sichipondedwa, ndipo chimakwera mpaka m'mawondo mukapanda kuchidulira.

Pa thyme woyanga, musagule mbande mazana. Mu Epulo kapena Meyi konzani malo a mita imodzi mbali zonse, kapena kachigawo kakafupi ka kanjira kaja, mubzale mbande 16 kapena zochepera. Nthawi yomweyo zikani nthambi zina m'machubu kuti mukhale ndi zobwezeretsa. Musaweruze mu Okutobala, pamene adzaoneka wokongola. Dikirani mpaka kumapeto kwa Malichi atadutsa dzinja lathunthu. Ngati zoposa theka zili moyo ndipo zayamba kukumana, gawani zomwezo n'kuonjezera malo, popeza nthambi iliyonse yomera mizu ndi mbande yaulere. Ngati zambiri zaola, ndiye kuti malowo amasunga madzi, ndipo mungakweze bedi ndi kuonjezera miyala n'kuyesanso kamodzi, kapena kumusiya thyme m'miphika n'kupereka pabwalo kwa kapinga.